Anasiya Kusewera M'nyengo Yosoka Fodya

Tinafika ku Mkanda mvula itangoyamba kumene, ine, amuna anga ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, ali kumsana. Tinachokera ku Ntcheu pa lole ya esiteti imene inkazungulira m'midzi kutola matenanti. Anatipatsa kanyumba kaudzu kumapeto kwa mzere wa nyumba zinzake, pafupi ndi chigafa choyanikamo fodya. Kwathu tinkalima kachewere ndi nyemba. Fodya ndinamudziwira pa esitetipo, ndipo sindinachedwe kuona kuti mbewu imeneyi sidziwa Lamulungu, sidziwanso kuti munthu ali ndi pakati.

Mimba yanga yachiwiri inakhwima m'nyengo yoipa, kumapeto kwa Febuluwale, pamene masamba amafuna kuthyoledwa onse nthawi imodzi. M'mawa tinkalowa m'munda mame asanaume, n'kumatuluka titanyowa mpaka m'chiuno. Masana tinkakhala pansi m'chigafa kusoka masamba ndi singano yaitali, amuna ali pamwamba kupachika. Manja ankada bii ndi utomoni wa fodya, ndipo chilichonse chimene wagwira chinkawawa, ngakhale chimanga chootcha.

Mwana wa m'mimbayo anali wosewera kwambiri. Ankayamba m'mawa ndikangomwa phala, ndipo ndikakhala pansi kusoka ankandiponda pansi pa nthiti kudzanja lamanja mpaka ndiwongoke. Amuna anga ankaona chitenje chikugwedezeka n'kumaseka okha, kuti ameneyu ndi wampira.

Tsiku limene anasiya sindingalitchule. Sabata imeneyo mvula inagwa mosalekeza, fodya anayamba kuwola m'chigafa, ndipo kapitawo ankabwera kawiri pa tsiku kudzakalipa. Tinkagwira ntchito mpaka msana kuuma, ndikafika pamphasa ndinkangogona ngati chipika. Linali Lachinayi masana, singano ili m'manja, pamene ndinazindikira kuti ndakhala nthawi yaitali osawongoka. Ndinaika dzanja pamimba. Munali zii.

Pa esiteti panali mayi ena achikulire, akazi a mlonda, amene anabereka ana asanu ndi anayi, ndipo ndi amene tonse tinkawathamangira pa nkhani zachizimayi. Anandigoneka pamkeka, nandisisita, n'kundiuza kuti ndisade nkhawa. Anati mwana akayandikira kubadwa amakhala chete chifukwa malo amuchepera, ndiponso amakhala akusunga mphamvu za ulendo. Sanandinamize dala. Ndi zimene ankadziwa, zimenenso anauzidwa ndi amayi awo. Ine ndinazikhulupirira msanga chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona, komanso chipatala chinali kutali ndipo fodya anali akuwola. Ndinati ndidikira Lolemba, tsiku la sikelo.

Lolembalo amuna anga ananditenga pa njinga. Anamwino a pachipatala chaching'onocho anali mayi afupi, ovala magalasi, ndipo Chichewa chawo chinkamveka kuti kwawo ndi kumpoto. Anandigoneka pabedi, n'kuika pamimba kachitsulo kooneka ngati lipenga, khutu lawo kumapeto kwinako. Anamvetsera nthawi yaitali. Anakasuntha, namvetseranso. Anatuluka kukauza amayi amene anali pabenchi kuti asiye kaye kuimba, nabwerera, namvetsera kachitatu. Kenako anakhala pampando n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mayi, mwamumva liti komaliza?"

Ndinati Lachitatu. Kenako ndinati mwina Lamulungu. Pomaliza ndinati sindikudziwa. Sanandikalipire, ngakhale anali odziwika ndi kukalipa. Analemba kalata yoti ndipite ku chipatala cha kuboma.

Anabadwa patapita masiku awiri, atandipatsa mankhwala oti matenda ayambe. Anali wamwamuna, wamkulu bwino, wa tsitsi lambiri. Khungu la m'manja ndi m'mapazi linali litayamba kusupuka, ndipo mzamba wa kumeneko anandiuza kuti zimenezi zikusonyeza kuti anatisiya masiku angapo apitawo. Ndinayesa kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo, kufuna kudziwa kuti pa nthawiyo ndinkachita chiyani, koma masiku onse a sabata imeneyo anali ofanana. Tinabwerera naye ku esiteti ali m'katoni, pa galimoto ya matola, anthu akucheza za mtengo wa feteleza osadziwa chimene ndanyamula pamiyendo.

Mwana wotere amatchedwa nthayo, ndipo sakhala ndi maliro. Amayi anayi a pamzere pathu anamukulunga m'chitenje changa chakale n'kukamuika kumphepete kwa manda a mudzi woyandikana nafe, m'kadzenje kosazama, popanda bokosi, popanda nyimbo. Anandiletsa kulira mokweza, akuti ndingatseke mimba. Amuna sapita kumeneko. Amuna anga anakhala m'chigafa tsiku lonse, kutsitsa ndi kupachikanso fodya yemweyo, ndipo palibe amene anawapepesa, poti pamwambo panalibe amene wamwalira. Tsiku lachitatu mabere anadzaza mkaka. Ndinawamanga ndi nsalu mpaka anauma. Patatha masabata awiri ndinali nditakhalanso pamalo panga m'chigafa.

Ndinatenganso pakati patapita zaka ziwiri. Nditapita ku sikelo, anamwino aja anaona khadi langa, nandiyang'ana, n'kunena kuti mwezi wamawa ndibwere ndi bambo a kunyumba. Masiku amenewo mwamuna sankalowa ku sikelo. Ankafikitsa mkazi pageti n'kukakhala pansi pa mtengo ndi njinga yake. Amuna anga anachitanso chimodzimodzi, koma anamwino anatuluka okha kukawatenga, n'kuwadutsitsa pakati pa amayi ambirimbiri amene ankasekera m'zitenje. Analowa chipewa chili m'manja, maso ali pansi, ngati munthu amene amugwira akuba nkhuku.

Anamwino anatulutsa m'botolo mbewu khumi za chimanga n'kuziika patebulo. Anati kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku lililonse ndikatha kudya masana ndizigona chammbali, kudzanja lamanzere, n'kumvetsera. Mwana akagunda, akatembenuka kapena akangodziwongola, ndizisuntha mbewu imodzi kuchoka mbali ina kupita mbali ina, mpaka zonse khumi zitawoloka. Anati chachikulu si nambala yokha ayi, koma kudziwa khalidwe la mwana wanga: nthawi imene amadzuka, mphamvu zake, ndi mmene amafulumirira kutha mbewuzo. Akachedwa kuposa masiku onse, kapena akafooka, ndisadikire tsiku la sikelo, ndinyamuke pomwepo.

Ndinawauza zimene mayi achikulire aja ananena, zoti mwana amapuma akayandikira.

"Mwana wabwinobwino sapuma tsiku lathunthu," anatero anamwino. "Amagona pang'ono n'kudzuka, ngati wa panja yemwe. Amasewera mpaka tsiku lobadwa. Akakhala chete, ndiye kuti akuvutika." Kenako anatembenukira kwa amuna anga. "Inu bambo, zanu ndi ziwiri. Muziwafunsa tsiku ndi tsiku, poti iwowa ntchito ikawachulukira aiwala. Ndipo njinga izikhala ndi mpweya."

Amuna anga si munthu wolankhula. Koma masana alionse akabwera kumunda ankaima pakhomo n'kufunsa, akuyang'ana kwina, ngati alendo a m'mimbamo adzuka. Kapitawo atadandaula kuti ndimasowa masana, anamuyankha kuti mizere yanga amaliza okha, ndipo ankamalizadi. Mbewuzo ndinkazimanga pa mfundo ya chitenje. Masiku ena mwana akachedwa pang'ono thupi langa lonse linkazizira mpaka agunde. Sindinganene kuti mimba imeneyo ndinakondwa nayo. Ndinangoilondera. Kunabadwa mtsikana, anatuluka akulira, ndipo lero ali ndi ana ake.

Anamwino anandipempha kuti ndiziuzako anzanga, poti iwo analipo okha pachipatalapo ndipo sakanatha kufika m'maesiteti onse. Ndinkalankhula pa mjigo, m'chigafa, ndi pa msonkhano wa amayi a ku tchalitchi Lachinayi. Ndinkayamba ndi nkhani ya mwana wanga wamwamuna, chifukwa popanda imeneyo palibe amene ankatchera khutu. Ena ankamvetsera n'kukayesa. Ena ankati mwana wosabadwa satchulidwa n'komwe, nanga kumuwerenga si kuitana tsoka? Akazi a mlonda aja anamva kuti ndikutsutsa mawu awo. Sanandiyambe mkangano, koma moni wawo unafupika.

Chaka chotsatana ndi cha njala, m'nyumba yoyandikana nafe munalowa banja lochokera ku Mulanje. Mkaziyo anali wamng'ono, sindikhulupirira kuti anali atakwana zaka makumi awiri, ndipo mimba yake inali yoyamba. Analibe mbale aliyense kuno, choncho ankanditchula kuti amayi. Ndinamuphunzitsa ntchito ya fodya, ndinamuphunzitsanso za mbewu zija. Iye anazitenga ngati sukulu. Ankabwera kudzandiuza kuti wake amakonda madzulo, kuti wailesi ikalira amavina, kuti mbewu zimatha madzi asanawire pamoto.

Mwamuna wake anali wakhama, wosamwa mowa, ndipo mkazi wake ankamukonda. Koma wina anamuuza za nthayo yanga. Tsiku lina anabwera pakhomo pathu, nanjuta mwaulemu, n'kuuza amuna anga kuti sakufuna kuti munthu amene anataya mwana azigwira mimba ya mkazi wake, kapena kumupatsa zinthu zomanga pa chitenje. Amuna anga anamufotokozera kuti ndi chimanga chabe, ndiponso kuti ndi malangizo a kuchipatala. Iye anati wamva, koma mawu ake ndi omwewo. Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankawerenga mobisa, ndi zala, ndipo tinkalankhulana pa mjigo pokha.

Linali Loweruka m'mawa, mu Januwale, mimba yake itatsala pang'ono kukwana masiku. Anandipeza pa mjigo alibe ndowa. Anadikira kuti amayi ena achoke.

"Amayi, dzulo madzulo anangofika zisanu ndi chimodzi, zofooka. Lero chidzukire wagunda kawiri."

Ndinamufunsa ngati wawauza amuna ake. Anati wawauza, ndipo amuyankha kuti adikire Lolemba. Ndinasiya ndowa yanga pomwepo.

Mwamunayo anali kumunda akudula nsonga za fodya. Ine sindikanatha kulankhula naye, choncho anapita amuna anga. Ndinkawaona patali ali pakati pa mizere, wina akulankhula, wina akupitiriza ntchito. Mwamunayo ankati mkazi wake sakumva kuwawa, sakutaya magazi, akuyenda yekha, nanga kapitawo akamuuza kuti chiyani, anamwino akawauza kuti chiyani? Ankatinso mantha amenewa ndawalowetsa ndine. Dzuwa linakwera. Ine ndi mtsikanayo tinali pakhonde, iye atagona chammbali dzanja lili pamimba, ine ndikulongedza zitenje m'beseni. Ndinamupatsa thobwa kuti mwina mwana adzuka. Anagunda kamodzi, pang'ono, n'kukhalanso chete. Dzuwa litafika paliwombo amuna anga anabwera, natulutsa njinga yawo, n'kunena mokweza kuti onse a pamzere amve, kuti ngati mwini wake sakufuna, iwo amutenga okha mkaziyo, mlandu adzayankha. Manyazi ndi amene anamutulutsa mwamuna uja m'munda. Anakweza mkazi wake pa njinga yake, ife tikutsatira pa yathu.

Mvula inali itagwa kumtunda, ndipo kamlatho ka mitengo ka pamtsinje kanali katakokoloka. Tinazungulira njira ina yaitali, matope akumata m'matayala, pena tikutsika n'kumakankha. Mtsikanayo sanadandaule. Ankangogwira mimba ndi dzanja limodzi, lina litagwira chishalo. Tinafika dzuwa litapendeka kwambiri.

Anamwino anali kunyumba kwawo kuseri kwa chipatala, akuchapa. Anabwera manja ali ndi thovu. Anaika kachitsulo kaja pamimba, maso ali pa wotchi, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga.

"Ali moyo," anatero. "Koma mtima ukugunda pang'onopang'ono. Pano sindingamuthandize. Pakufunika opareshoni kuboma."

Anaitana ambulansi pa wailesi ya mauthenga. Kumeneko anayankha kuti yapita kukatenga wodwala wina mbali ya kwa Zulu, tidikire. Anamuika diripi, namugoneka chakumanzere. Mwamuna uja anapalasa njinga kupita pamsika kukafuna galimoto, koma ya matola yomaliza inali itanyamuka. Anapita kwa mwini golosale wina amene anali ndi galimoto, napeza kuti ilibe mafuta. Anabwerera malaya atamata ndi thukuta, nakhala pansi pakhonde la chipatala, mutu uli pakati pa mawondo. Anamwino ankamvetsera pafupipafupi, ndipo nthawi iliyonse ankachedwa kuchotsa khutu. Ambulansi inafika dzuwa likulowa. Ine ndinakwera nawo ngati womudikirira.

Kuboma anamuthamangitsira ku fiyeta. Anamung'amba, koma mwana anatuluka wopanda mpweya, ndipo anayesetsa kumudzutsa osatheka. Anali wamkazi. Adokotala anati chingwe cha mchombo chinali chitamangika mfundo yothina. Anandipatsa ine kuti ndimukulunge. Khungu lake linali losalala, thupi lisanazizire n'komwe.

Kenako mtsikanayo anatsitsimuka. Anandiyang'ana kumaso n'kutembenukira kukhoma. Analankhula tsiku lachiwiri, pamene ndinkamuthandiza kukhala tsonga kuti amwe phala.

"Amayi, ndinawerenga bwino, si choncho?"

Ndinamuuza kuti anawerenga bwino.

Ndinkaganiza kuti tikabwerera mwamuna uja adzakhala wosweka mtima, ndipo ndinali nditakonza kale mawu omutonthoza. Sizinatero. Anayamba kuuza anthu kuti mwana wake wadyedwa ndi mbewu zanga. Ankati mimba inali bwinobwino mpaka pamene ndinayamba kuiwerenga, ndipo kuti munthu amene mwana wake anapita m'kadzenje sakondwa kuona wa mnzake ali kumsana. Anandiletsa kuponda pakhomo pake, moti mkazi wake ankadzuka yekha ndi bala lake kukatunga madzi, ine ndikuonera pakhonde. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lathunthu. Anamwino analemba kalata yofotokoza zonse, inawerengedwa pagulu. Akuluakulu anati palibe mlandu, tigwirane chanza. Tinagwirana. Koma kuyambira pamenepo amayi oyembekezera ndikamadutsa ankakokera chitenje m'mwamba, ena n'kulowa m'nyumba. Mwana wanga wamkulu anabwera kuchokera ku sukulu akulira, kuti anzake akunena kuti amayi ake amadya ana. Ndinasiya kulankhula za mbewu, kupatula kwa amene wabwera yekha kudzafunsa, ndipo otero anali ochepa.

Lero mwamunayo sindimudanso monga ndinkamudera nthawi imeneyo. Ndinamuona mmene ankapalasira njinga kufuna galimoto. Ndikuganiza kuti maola amene anataya m'munda aja ankamulemera, sakanatha kuwasenza yekha, choncho anafuna pomutulira, ndipo amene anali pafupi ndinali ine.

Patapita miyezi iwiri ndinakumana ndi anamwino pa sikelo ya ana. Anthu atatha ndinawafunsa ngati mwanayo akanapulumuka tikananyamuka m'mawa. Anavula magalasi, nawapukuta pa yunifolomu nthawi yaitali. Anati sangalumbire, poti mfundo yotere ndi yoopsa. Koma anati m'mawa wa tsiku limenelo ambulansi inali pomwepo, pachipatala pawo, itabweretsa mankhwala, ndipo inakhala mpaka cha m'ma leveni koloko isanabwerere kuboma yopanda munthu. Anandipempha kuti ndisamuuze mtsikanayo. Sindinamuuze. Sindinauzenso mwamuna wake, ngakhale masiku ena ndikamumva akunditchula, lilime linkandiyabwa.

Banjalo linachoka fodya atagulitsidwa. Lole inaima pamsewu, mtsikanayo anakwera movutika, dzanja lili pabala, nakhala pa thumba la ziwiya. Mwamuna wake anali pambali pake, choncho sanatsanzike. Anangondiyang'ana mpaka lole inakhota pamalire a munda.

Chaka chotsatira anamwino aja anasamutsidwa. Ifenso tinachoka pa esiteti patapita zaka ziwiri, titapeza malo kwa Mlonyeni, kumene tikukhala mpaka pano. Tenanti wina wa ku Mulanje amene ndinakumana naye pamsika anandiuza kuti ukwati uja unatha, mtsikanayo anabwerera kwa makolo ake ndipo amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Ndinamufunsa ngati anadzaberekanso. Anati sakudziwa, iye anangomuona akudutsa pa basi, mtsikanayo atakhala pansi ndi dengu lake.